Mapasa a ku Yiwu ndi Makalata Awiri

Padangokhala. Mumzinda wa Yiwu, m'chigawo cha Zhejiang kum'mawa kwa dziko la China, mudali banja lina logulitsa maambulera.

Mzinda wa Yiwu sutchuka ndi phiri kapena nyanja, umatchuka ndi msika. Msika wake waukulu uli ndi zigawo zingapo za nyumba zosanjikizana, ndipo m'katimo muli timasitolo toposa 70,000. Mabatani, zidole, masokosi, maloko, mikanda, maluwa apulasitiki, timagetsi ta Khirisimasi: tinthu tambiri timene timagula m'misika yathu osafunsa kwawo tidadutsa kumeneko. Kasitolo ka banja lija kadali m'chigawo chachiwiri, pansi, moyandikana ndi ogulitsa zikwama ndi majekete a mvula. Kadali kopanikiza moti anthu atatu akalowa, wachinayi ankaima panja. Bambo a m'banjamo ankadziwa Chingerezi cha pamsika, mawu osakwana makumi awiri, ndipo zotsalazo zinkayankhulidwa ndi kamakina kowerengetsera ndalama. Iwo ankadina mtengo wawo, wogula n'kufufuta n'kudina wake, mpaka wina atanena kuti "last price", basi n'kugwirana chanza.

Banjali lidali ndi mapasa, mnyamata ndi mtsikana. Mnyamata ndiye adayamba kubadwa, ndipo mphindi zochepa zimenezo zidamupatsa ukulu wa moyo wonse. Pakhomo panalibe amene ankawatchula mayina awo enieni. Mnyamata adali Gege, monga Atchaina amaitanira mchimwene wamkulu, ndipo mtsikana adali Meimei, mlongo wamng'ono. Ngakhale makolo awo ankawaitana choncho.

Padalinso agogo awo aamuna, omwe anawo ankawaitana kuti Yeye. Iwowa adakula nthawi imene ku Yiwu kudalibe msika koma umphawi. Nthaka ya kumeneko ndi yochepa ndiponso yosabereka kwenikweni, choncho m'nyengo yozizira, ntchito ya kumunda ikatha, amuna ankasenza madengu awiri pamtengo wopingasa paphewa n'kumayenda midzi yakutali akuliza kang'oma ka m'manja. M'madengumo ankanyamula maswiti a shuga wofiira wa nzimbe, n'kumasinthanitsa ndi nthenga za nkhuku. Nthenga zabwino ankapangira zosasira fumbi, zotsalazo ankakathira m'minda ya mpunga kuti zikhale manyowa. Kwa zaka zambiri boma linkawaona malonda amenewa ngati mlandu, mpaka mu 1982 pamene mkulu wa dera la Yiwu, Xie Gaohua, adalola anthu kutsegula msika poyera. Agogowa adali m'gulu la oyamba kuyala katundu pathabwa. Sukulu sadapite nayo patali, koma nkhope ya munthu ankaiwerenga mwini wake asanatsegule pakamwa.

Chaka chimenecho mapasawo ankalowa kalasi yomaliza ya sekondale, chaka cha gaokao. Amenewa ndi mayeso olowera ku yunivesite omwe amayamba pa 7 Juni, ndipo ana oposa 10 miliyoni amawalemba chaka ndi chaka. Pa malikisi 750, Chingerezi chokha chimatenga 150, chimodzimodzi masamu ndi Chitchaina. Ku Zhejiang mwana amaloledwa kulemba Chingerezi kawiri, mu Januwale ndi mu Juni, n'kusunga malikisi okulirapo. Wakunja angati chimenecho ndi chifundo, koma anawo amangoti mantha aja amawafika kawiri.

Gege adali ndi buku limene pafupifupi mwana aliyense wa kalasi imeneyo amayenda nalo: mndandanda wa mawu 3,500 a Chingerezi, kuyambira pa A mpaka pa Z. Liwu lililonse adalikopera pa kakhadi, Chingerezi kumaso, tanthauzo la Chitchaina kumbuyo. Pamzere wolandira chakudya adali ndi timakhadi m'manja. Pothamanga m'mawa kuzungulira bwalo la sukulu milomo yake inkangosuntha. Pa desiki yake adamata chithunzi cha mzere wotsetsereka wa Ebbinghaus, Mjeremani amene mu 1885 adasonyeza kuti munthu amaiwala zambiri m'maola oyamba ataphunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Potsatira mzerewo Gege ankabwereza liwu tsiku lomwelo, mawa lake, patatha masiku angapo, patatha sabata. Tisamunyoze mnyamatayu, njira imeneyi imagwiradi ntchito. M'mawa uliwonse aphunzitsi akamatchula mawu kuti ana alembe, iye sankaphonya ngakhale limodzi. Akabwera kunyumba kumapeto a sabata, bambo ake ankaitana ogulitsa zikwama aja n'kuwapatsa bukulo. "Tsegulani paliponse," ankatero, "mufunseni." Gege ankayankha asanamalize n'kufunsa komwe.

Tsiku lina atatha masewera amenewa, agogo adafunsa akupuyira tiyi wawo: "Ndiye mawu onsewa akuti chiyani?"

"Lililonse lili ndi tanthauzo lake, Yeye."

"Ine ndatolera nthenga zaka makumi awiri," adatero agogo. "Zodzaza matumba. Koma ngakhale tsiku limodzi thumba silidalirepo ngati tambala."

Anthu adaseka, Gege naye adaseka mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Meimei zake zidali zina. Mawu oima paokha sankakhazikika m'mutu mwake. Akaloweza usiku, m'mawa ankapezeka atasokoneza zilembo, ndipo chilango chake chidali kukopera liwu lililonse lophonya kamakumi awiri. Madzulo ambiri ankatha akukopera. Komabe mphunzitsi wawo wa Chingerezi, mayi wa imvi za apa ndi apo amene ana onse ankangomuti Laoshi, adaona chinthu chachilendo. Pa ndime zinayi zowerenga n'kuyankha mafunso, mwana wophonya mawuyu ankapeza bwino kuposa anzake ambiri oloweza.

Laoshi mwini wake adayamba kumva Chingerezi ali kamtsikana, pa TV ya anansi, pamene pulogalamu ya BBC yotchedwa Follow Me idayamba kuonetsedwa ku China mu 1982. Adaphunzira chinenerocho poonera anthu akukangana, kupepesana ndi kufunsana njira, ndiye ankadziwa kuti liwu limakhala ndi anansi ake. Adamuitana Meimei n'kumupatsa kabuku kopyapyala ka m'gulu la Shuchong, timabuku ta nthano zofewetsedwa ta Oxford tomwe ku China timasindikizidwa ndi Chingerezi tsamba limodzi, Chitchaina tsamba loyang'anizana nalo. Adamupatsanso kachidutswa ka katoni.

"Aka n'kophimbira Chitchaina. Tsegula tsamba lililonse, uwerenge mawu 100. Ukapeza achilendo oposa awiri kapena atatu, bukulo silinafike msinkhu wako, tenga lofewerapo. Si ine ndayambitsa zimenezi. Pali katswiri wa ku New Zealand, Paul Nation, amene adafufuza nkhaniyi nthawi yaitali: kuti munthu amve nkhani payekha, afunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Otsalawo nkhani yomweyo imamuuza." Kenako adawonjezera: "Koma liwu likakubwerera katatu, usalilambalale. Lilembe, ukalifunse mtanthauziramawu."

Meimei adamva theka loyamba la malangizowo, lachiwirilo adalisiya pakhomo la ofesi. Adawerenga za Robinson Crusoe pachilumba, za Sherlock Holmes, kenako za Jane Eyre, usiku atafunda kumutu ndi katochi. Akakumana ndi liwu lachilendo ankangoliyerekeza n'kupitirira, poti mtima udali pa zomwe zichitike tsamba lotsatira. Nthawi zambiri ankalasa, ndipo kulasa kawirikawiri ndi kumene kumamupusitsa munthu.

Gege nayenso Laoshi adamuitana. Mayeso a ku Zhejiang, kuyambira mu 2016, ali ndi funso la malikisi 25 lomwe mwana amapatsidwa nkhani yosamaliza kuti aiwerenge n'kuimalizitsa ndi ndime ziwiri. Pa mayeso oyeserera, nkhani idali ya mnyamata amene ankasunga mpando wa agogo ake pafupi ndi zenera osalola wina kukhalapo. Wolembayo sadanene poyera kuti agogowo adamwalira, koma ana ambiri adamva. Gege, m'ndime zake zodzaza mawu akuluakulu opanda cholakwa n'chimodzi chomwe, adalemba kuti agogo aja adalowa m'nyumba atanyamula mbale ya chakudya.

"Ebbinghaus wakoyo ukumudziwa bwino?" adafunsa Laoshi. "Pofufuza za kuiwala ankaloweza timaphatikizo topanda tanthauzo, dala, kuti tanthauzo lisamuthandize. Iwe ukuphunzira chinenero cha anthu ngati kuti ndi timaphatikizo timeneto. Tenga kabuku aka."

"Ndamva, Laoshi," adatero Gege atawerama. Kabukuko adakalandira ndi manja awiri, n'kukakaika pansi pa bokosi la timakhadi. Nthano za ana, iye wa mawu 3,500?

Kumayambiriro kwa Ogasiti, anawo ali patchuthi chachifupi, kudafika kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wamalonda wa ku Limbe. Mayiyu adali atagulapo kawiri, ndipo tsopano ankafuna madazeni 300, kuti afike mvula ya Novembala isanayambe. Madzulo banja lonse lidakhala patebulo, mbale zitasunthidwira pambali. Mayi a anawo adati aike kalatayo pa foni kuti iwamasulire.

"Tikulipira sukulu kuti tizifunsa foni?" adatero bambo. "Gege, werenga."

Gege adaimirira. Malonje adadutsa bwino, chiwerengero bwino, mtengo bwino. Kenako padali chiganizo chonena za maambulera omwe adatumizidwa mu Marichi, chakuti makasitomala a mayiyo akuwakambabe mpaka lero. Ndipo pamapeto padali mawu awa: "The last thing I want is another batch like the one you sent in March."

Munalibe liwu lovuta m'menemo. Onse adali mawu a ku pulayimale. Gege adawayala limodzilimodzi monga adayalidwira kumbuyo kwa timakhadi, n'kunena mwachidaliro: "Akuti chinthu chomaliza chimene akufuna ndi katundu wina wofanana ndi wa mu Marichi. Makasitomala awo adamukonda."

Bambo adawomba m'manja. Liwu lakuti "last" nawonso ankalidziwa, si lomwe lija la pa mtengo womaliza? Komanso, tinene zoona, maambulera a mu Marichi adali a mawaya opyapyala ndi zogwirira za pulasitiki yopepuka, ndipo phindu lake pa dazeni lidali lonona kuposa la ena onse.

Meimei adali atasuzumira paphewa la mchimwene wake. M'mimba mwake mudachita kuti myuu. Kayankhulidwe kameneka adali atakumana nako m'timabuku take, pakamwa pa anthu okwiya koma odzigwira.

"Ba," adatero kwa bambo ake motsitsa mawu, "ine ndikuona ngati mayiwa akudandaula. Akuti amenewo ndiye sakuwafuna n'komwe."

Gege adatembenuka. "Liwu lake liti? Ndilozere liwu limene likutanthauza kudandaula. Kapena lakuti ayi. Lili pati?"

Meimei adayang'ana kalatayo. Liwu lotero munalibemo. Kudandaulako kudali paliponse koma panalibe poloza chala, ndipo iye sadadziwe kuti zimenezi angazifotokoze bwanji.

"Pa mawu otchulidwa aja sabata yatha udapeza angati?" adafunsa bambo, osati mwaukali.

Mtsikanayo adatchula nambala yake.

"Nanga Gege?"

Sipadafunikenso yankho. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Meimei adasonkhanitsa mbale n'kupita kukatsuka. Agogo adamutsatira ndi maso mpaka kukhitchini, koma Chingerezi sichidali chawo, ndipo sadanene kanthu.

M'mawa mwake bambo adaimba foni ku fakitale ina ya ku Songxia, tauni ya ku Zhejiang komweko imene ntchito yake yaikulu ndi maambulera. Adaitanitsa 3,600 a mtundu wa mu Marichi, olembedwa dzina la sitolo ya mayi uja pansalu. Patatha masabata atatu makatoni adafika kumalo osungira katundu, ndipo monga mwa mwambo wa malondawa, bambo adatsegula katoni imodzi, kujambula zithunzi n'kutumiza kuti mwini katundu aone asanalowe mu kontena.

Yankho lidabwera Loweruka madzulo, anawo atangofika kuchokera kusukulu. Ulendo uno sidali imelo. Mayi uja adasindikiza chithunzi chimodzi papepala, kuzunguliza zogwirira ndi cholembera chofiira, kulemba pamanja pansi pake ndi zilembo zolumikizana za munthu wolemba mtima uli m'mwamba, n'kujambulanso pepalalo. Foni idayesa kuwerenga, idatulutsa zopanda mutu. Koma chofiira chija aliyense adachimva popanda womasulira.

Gege adatambasula dzanja kuti alandire foni.

"Iwe khala chete," adatero bambo. "Wayankhula kokwanira. Meimei."

Manja a mtsikanayo ankanjenjemera, koma mawu adatuluka mwadongosolo. Mayiwo akuti adanena momveka kuti amenewa sakuwafuna. Akuti a mu Marichi ankathyoka mphepo ikangowomba, zogwirira zinkatsalira m'manja, ndipo anthu ankabwera kudzawaponya pakauntala. Akuti mwina iwo adalemba mwaulemu kwambiri. Akufuna mawaya olimba ndi zogwirira zomangidwa bwino, apo ayi awabwezere ndalama zomwe adapereka kale akagule kwina.

"Atipatsa nthawi yaitali bwanji?"

Meimei adayang'ana mzere womaliza. Padali liwu limene sadalidziwe: "fortnight". Adali ataliona m'nthano zake, mwina kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankangodziwa kuti ndi nthawi inayake n'kupitirira. Tsopano adaliyang'anitsitsa. Kumapeto kwake kudali usiku, kumayambiriro kwake kunkamveka ngati folo. Mayi wokwiya chonchi angapereke nthawi yaitali? Zonse zidagwirizana bwinobwino. Komanso kwa nthawi yoyamba m'moyo wake tebulo lonse linkadikira pakamwa pake, ndipo kunena kuti "ili sindikulidziwa" kudamulemera.

"Masiku anayi," adatero.

Gege adali ataima kumbuyo kwake. Liwulo adaliona. Adaona ngakhale kakhadi kake m'maganizo, kopindika pakona, kam'gulu la F, ndi zomwe zidalembedwa kumbuyo kwake. Adatsegula pakamwa, n'kukumbukira mawu a bambo ake. Khala chete. Chabwino, adatero mumtima, tione wa nthanoyu akutifikitsa kuti.

Usiku umenewo bambo adaimba mafoni mpaka khutu kutentha. Mwini fakitale adaseka kaye, kenako adati m'masiku anayi n'zotheka pokhapokha aimitse ntchito za ena, anthu agwire usana ndi usiku, ndipo mtengo ukhale wowirikiza, ndalama patsogolo. Bambo ndi mayi adatsekera chitseko cha kuchipinda, koma makoma a nyumba za m'tauni sasunga chinsinsi. Anawo adamva kuti mawa m'mawa kukatapidwa ndalama zomwe zinkasungidwira yunivesite.

Gege adatuluka pakhonde ndi bokosi lake la timakhadi. Ankatembenuza kamodzikamodzi osawerenga. Posakhalitsa adamva masilipasi a agogo akukhwekhwereza.

"Pamene mlongo wako amawerenga," adatero agogo atakhala pansi, "maso a aliyense anali pafoni. Ako anali pansi. Munthu woyang'ana pansi chonchija amakhala ataponda kanthu."

Gege sadayankhe.

"Ukudziwa chiyani?"

"Si masiku anayi, Yeye. Ndi masabata awiri."

Agogo adapuma mozama. "Ndiye ukudikira chiyani? Kuti bambo ako alipire kaye, udzanene kuti ine ndimadziwa?"

"Andiuza kuti ndikhale chete."

"Ee, ndipo lero wasanduka mwana womvera." Adakhala kanthawi akusisita bondo. "Tsiku lija ndidakuseka za matumba a nthenga, koma sindidamalize. Nthenga zija ndi zomwe zidamanga nyumba yathu yoyamba. Ine ndinkatolera, agogo ako aakazi ankasankha. Iwo ankadziwa kuti iyi ndi ya kumchira kwa tambala, ipita ku chosasira fumbi, iyi ndi ya manyowa. Ine maso amenewo ndidalibe, ndipo iwo miyendo yanga adalibe. Chaka china tidayambana, mwezi wathunthu osayankhulana. Ndidagulitsa matumba osasankha pamtengo wa manyowa." Adadzuka movutikira. "Ine ndikukagona. Banki amatsegula m'mawa."

Gege sadapite kwa bambo ake. Adatenga mtanthauziramawu n'kukagogoda kwa mlongo wake. Meimei adali asanagone. Adamutsegulira tsambalo n'kuloza ndi chala, osanena kanthu. Mtsikanayo adawerenga, nkhope idasintha, adawerenganso.

"Wadziwa liti?"

"Nthawi yomwe ija."

"Ndiye udangoima pamenepo?"

"Iwenso ukadanena kuti sukulidziwa."

"Tsiku lija ndidanena zomwe ndinkadziwa, udandiseka!"

"Sindidakuseke. Ndidati undilozere."

Bukulo lidamupeza paphewa, ndipo ndi buku lolemera. Adakangana monong'ona mpaka mawu kuwathera, kenako adakhala pansi atatsamira bedi, wina uku wina uku. Pamapeto Gege adati, "Tiye tikanene limodzi. Iwe unene zako, ine zanga."

Bambo adamvetsera ali chikhalire pabedi, atavala kale malaya a ulendo wa kubanki. Atamva za masabata awiri adatseka maso. Atamva kuti Gege ankadziwa kuyambira madzulo adawatsegula, ndipo mnyamatayo adakonzekera zoopsa. Koma Meimei ndiye adayankhula, funso lomwe lidamukhala pakhosi kuyambira tsiku la kalata yoyamba.

"Ba, kodi maambulera a mu Marichi aja adali abwino?"

M'chipindamo mudati zii.

"Ine sindingapite nawo pamvula," adatero mayi.

Bambo adadziwa kuyambira kale, ndithu. Munthu amene wagwira maambulera zaka zonsezo amamva ndi chala kuti waya uyu sapirira mphepo. Atamva kuti makasitomala akuwakambabe, china chake mumtima chidawauza kuti sakuwakamba zabwino. Koma mwana wawo wonyaditsa adawabweretsera tanthauzo lokoma, lokhala ndi phindu m'kati, ndipo iwo adalilandira osafunsanso kawiri. Sadanene zonsezi. Makolo ambiri a ku China sapepesa ana ndi pakamwa. Adapita kukhitchini pakati pa usiku, adasenda mapeyala awiri, kuwadula bwinobwino n'kuika mbale pakati pa anawo. "Idyani," adatero. "Mawa mundilembere kalata."

Kalatayo idadya Lamlungu lonse. Gege adayamba ndi kalembedwe ka pamayeso, kaja amalemba ana onse a ku China akauzidwa kuti ayerekeze kuti ndi Li Hua, mwana wongopeka amene pa gaokao amakhalira kulembera makalata anzake akunja. Zidatuluka ziganizo zonyezimira, zoyamikira ubale wa mayiko. Meimei adati mayi amene makasitomala amuponyera maambulera pakauntala akawerenga zimenezo aphwanya foni. Adalemba yake, yachidule, yolunjika, yomveka ngati munthu. Koma zilembo zidali zosokonekera, ndipo poti m'Chitchaina mneni sasintha kaya zinthu zidachitika dzulo kaya zichitika mawa, iye adasiya aneni onse ali chiimire, moti sizinkadziwika ngati maambulera adakonzedwa kale kapena adzakonzedwa. Gege adakonza zimenezo ndi cholembera chofiira, mosangalala pang'ono kuposa mmene zinkafunikira. Liwu lililonse lomwe Meimei adaliyerekeza, Gege ankalifunsa umboni. Chiganizo chilichonse chomwe Gege adachimanga, Meimei ankachiwerenga mokweza n'kufunsa kuti, munthu wolandira izi amva kuti tikumuuza chiyani?

Bambo adafuna kuti alembe kuti fakitale ndiyo idalakwitsa. Agogo adatsokomola. Kalata idapita ikunena kuti iwo sadamve bwino kalata yoyamba, kuti katundu wa mu Marichi adalidi wosalimba ndipo sadayenere kumutumiza, ndi kuti watsopano akhala atakonzeka m'masabata awiri aja, kusiyana kwa mtengo kuli kwa iwo.

Fakitale idamaliza kutatsala masiku awiri, pamtengo wamasiku onse. Kontena idakwera sitima ku doko la Ningbo kupita ku Beira, kenako pa thiraki kudzera ku Mwanza. Maambulera olakwika aja adatsala m'manja mwa bambo, olembedwa dzina la sitolo ya kutsidya la nyanja, ndipo adawagulitsa motaya kwa ogulitsa m'misewu. Phindu la theka la chaka lidapita pamenepo.

Kusukulu Laoshi adaona zinthu ziwiri zomwe sadafunse chiyambi chake. Kumbuyo kwa kope la Meimei kudayamba kuoneka mndandanda wa mawu, lililonse ndi chiganizo chomwe adalipezamo. Ndipo kabuku kaja kadabwezedwa ndi Gege, kali ndi makutu opindika, mwini wake akufunsa mosayang'ana kumaso ngati pali kena. Sadasiye timakhadi take, koma adayamba kulemba chiganizo chathunthu kumbuyo kwake. Poyamba ankawerenga nthano ngati munthu wofufuza mlandu, kuima pa liwu lililonse, mpaka Meimei adamulanda mtanthauziramawu n'kumuuza kuti amubwezera akamaliza mutu wonse. Naye Gege ankamufunsa mawu makumi awiri asanadye chakudya cha Loweruka. Ankakanganabe, mwinanso kuposa kale.

Mu Disembala, kutatsala milungu yochepa kuti alembe Chingerezi koyamba, foni ya bambo idalira ali patebulo. Adaiyang'ana, adazindikira dzina la mayi wa ku Limbe, n'kuona liwu limodzi lomwe ankalidziwa.

"Pali 'bad' apa," adatero, mawu atauma. Adatembenuza foniyo kuti anawo aone mzere woyamba: "Not bad at all." Adayang'ana Gege, adayang'ana Meimei, osadziwa woti amupatse. "Ndi zabwino kapena zoipa?"

"Dikirani kaye, Ba," adatero Gege. "Tipatseni kalata yonse."

Adaiwerenga mitu itagundana. Meimei adafunsa liwu limodzi, Gege adayankha. Gege adaloza chiganizo china n'kufunsa ngati mayiwo akuseka kapena akunenetsa, Meimei adati akuseka. Mvula idagwa yamphamvu ku Blantyre, maambulera adatha m'masabata atatu, palibe adabweza ngakhale imodzi. Akufuna madazeni 500 a chaka chamawa, a mtundu womwewo, ndipo akufunsa ngati amagulitsanso majekete a mvula a ana asukulu.

"Majekete sitigulitsa," adatero mayi.

Bambo adali atavala kale nsapato imodzi, akufunafuna nambala ya mnansi wawo wa kumsika.

"Alembereni kuti timagulitsa," adatero. Agogo adatsokomola. "Chabwino, chabwino. Alembereni kuti tikudziwa amene amagulitsa, ndipo tikayamba taawaona tokha ngati sadontha."